Zipinda Ziwiri Pamwamba pa Nkhuti

Ana anga, mawondo akana kukwera padenga, ndiye ntchito ndaisiya. Joyce wandigulira kope ili kuti ndizilembamo m'malo momangokalipira nkhuku pakhonde. Zaubwana wanga ndizidumpha, mulibe chokoma. Mungodziwa kuti sukulu ndinalekezera Sitandade 7, ndipo si umphawi wokha umene unandichotsa, pakamwa pangapanso panathandizira.

Ndili ndi zaka makumi awiri ndi chimodzi

Ndinali dakaboyi pa nyumba ina imene inkamangidwa pa boma la Phalombe, yoti ikatha igulitsidwe. Tsiku lina kunabwera bambo wamfupi wa chipewa chakutha, dzina lawo a Dinesi. Ankagwira ntchito ku kampani ina ya ku Limbe yogulitsa nyumba ndi malo, ndipo udindo wawo unali woyendera nyumba munthu asanaigule ndi kulemba lipoti la zonse zimene apeza. Anakanda khoma ndi msomali, matope nkumangoyoyoka ngati ufa. Kapitawo wathu anati vuto ndi mchenga wa kumtsinje. Ine mutu unatentha pompo. Ndinaponya fosholo pansi nkukuwa kuti, "Mchenga walakwanji? Thumba limodzi la simenti tikusakaniza ndi mawilibala khumi ndi awiri, ndipo osakanizayo ndine!" Dzuwa lisanafike pamutu ndinali nditachotsedwa kale ntchito. Ndili pamsewu, ndikuganiza zokawauza amayi kunyumba, a Dinesi anaimitsa njinga yawo.

"Iwe wamkamwa iwe, umatha kuwerenga tepi?"

"Pang'ono, bwana."

"Nanga kutseka pakamwa?"

"Kumeneko ndiye ayi."

"Kwera. Tepi ndikuphunzitsa sabata imodzi. Chinacho tiona ngati ndidzakhale ndi moyo."

Zaka zisanu zoyamba

Tinayenda chigwa chonse cha Phalombe panjinga, mpaka kumpata wa Fort Lister. Zida zathu zinali tepi, levulo, kahamala kakang'ono, tochi, ndi chitsulo chachitali chobayira pansi. Mapepala a lipoti akatha ku ofesi tinkajambula mizere tokha m'kope la ana asukulu. Nthawi ina tepi inaduka, tinatha miyezi iwiri tikuyeza ndi chingwe chomanga mfundo. A Dinesi sankalowera pakhomo pamene mwini nyumba waima nkumamwetulira. Ankayamba kuseri. Ankati nyumba ili ngati munthu wopita kokafunsira mbeta, kumaso imasamba, koma zidendene imaiwala. Anandiphunzitsa kugogoda khoma nkumvetsera, kufunafuna njira za chiswe pa mitanda ya denga, ndiponso kuopa dothi la makande, lija limang'ambika m'chilimwe nkufufuma m'dzinja mpaka kuthyola maziko. Koma chimene ankandibwerezera tsiku ndi tsiku chinali chokhudza mtima wangawu. Nditatsala pang'ono kumenyana ndi mwini nyumba wina amene anabisa mng'alu kuseri kwa kabati, anandikokera pambali nati, "Mkwiyo wako usalowe mu lipoti. Lemba chimene waona, osati chimene wamva, osatinso chimene chakupsetsa mtima. Amene adzagone m'nyumba imeneyi sakukudziwa, koma akugonera siginecha yako." Kuyambira pamenepo, mvula yamphamvu ikamagwa ndinkayamba kuwerenga mumtima nyumba zonse zimene ndinasayinira, nkumadzifunsa kuti kodi ija ya ku Migowi ndinayang'ana bwino lintala. Nkhawa imeneyo sinandisiye mpaka lero.

Chaka cha ukwati

Ndinakwatira amayi anu, Esinati, kwa Jenala, nkukakhala chikamwini monga mwa mwambo wathu. Nyumba tinamanga pamalo a kwawo, munda wa chimanga ndi kadimba ka mpunga anatigawira ndi amalume awo, a Fayisoni, amene anali mwini mbumba. Musaganize kuti anali munthu woopsa. Anali wanthabwala, wogula ndi kugulitsa nandolo, wokonda kalongonda kuposa nyama, ndipo ine ankandikonda. Chilimwe choyamba anandiitana nati, "Akamwini, manja amenewa asangodziwa kugogoda makoma a eni ake. Tiumbireniko njerwa." Anali atapeza puloti pa sitolo zapafupi, mtunda wa ola limodzi wapansi. Ndinaumba njerwa milungu isanu ndi umodzi Loweruka lililonse ndi masiku atchuthi. Dothi ndinkakumba pomwepo, kuseri kwa malo omangapo, mpaka nkhutiyo inandifika m'khosi. Nyumba ya zipinda zinayi itatha, dzenjelo linasanduka dzala. Munkatayidwa makoko a nandolo, phulusa, zitsononkho, galu wakufa, chilichonse. Pamwamba anadzathirapo dothi, udzu nkumera.

Kenaka kampani inandituma ku Zomba, kumene ndinakhala zaka zinayi, kenanso ku Mulanje zaka zitatu. Kumudzi ndinkabwera kumapeto kwa mwezi. Ulendo wina ndikudutsa pa sitolo paja ndinaona kuti a Fayisoni awonjezera zipinda ziwiri kumbuyo, ndendende pamwamba pa nkhuti ija. Koma ndinadziuza kuti nyumba si yanga, palibe wandifunsa, ndipo mkamwini salowerera za eni mudzi. Ine wolongolola uja, tsiku limenelo ndinatseka pakamwa.

Okutobala, chaka changa cha khumi ndi chisanu ndi chimodzi pantchito

Nthawi imeneyi ndinali nditabwerera kwa Jenala, a Dinesi anali atamwalira, ndipo malipoti ndinkasayina ndekha. Bwana wathu watsopano anali a Bwanali, mnyamata wa sukulu zake, wosaipa mtima koma wothamanga. Lolemba lina anandiimbira foni kuti pali nyumba ya zipinda zisanu ndi chimodzi kwa Jenala, wogula wapezeka, ndikaiyendere Lachisanu wogulayo ali pomwepo. Atatchula dzina la wogulitsa ndinakhala pansi.

"Bwana, amenewo ndi apongozi anga. Malamulo athu salola. Tumizani wina."

"Wina wake uti? Galimoto ilibe mafuta, mnzanu uja ali ku Nsanje. Inu muli konko, ndi panjinga pomwe mufika. Kapena mukuopa apongozi?"

"Sindiopa munthu ine!"

"Ndiye nkhani yatha. Wogulayo ndimuuza ndekha za ubalewo."

Mwaona mmene pakamwa pangapa pamandigulitsira. Ndikanati ndikuopa, mwina akanafuna njira ina.

Masiku anayi amenewo chakudya sichinkatsika. Ndinkayang'ana nyumba yathu, mitengo ya mango imene ndinabzala, nkhokwe, inu ana mukusewera pabwalo, nkumakumbuka kuti pansi ponsepo palibe ngakhale phazi limodzi langa. Lachitatu tikusenda chinangwa choti tiyanike makaka, ndinawauza amayi anu zonse. Anapitiriza kusenda osandiyang'ana.

"Ndiye mukufuna mukalembe chiyani, bambo a Joyce?"

"Sindikudziwa."

"Inuyo osadziwa? Lero kugwa mvula. Amalume akufuna agulitse nyumba ija kuti agule chigayo, nandolo wawagwetsa zaka ziwiri zotsatizana. Mudzi wonse ukudikira chigayocho. Mukawatchingira, mukuganiza kuti adzakuombera m'manja?"

"Nanga ikadzagwera munthu?"

"Yagwera ndani zaka zonsezi? Munthu amene wakupatsani munda, wakuikirani maliro a amayi anu ngati a mlongo wake. Ine sindikukuuzani kuti mukaname. Ndikungoti mukaganize kumene ana awa adzagone."

Mawu amenewo anandiyenda m'mutu mpaka Lachisanu. Ndinapezanso pothawira. A Dinesi anati lemba chimene waona. Ngati a Fayisoni akonza bwino moti diso silikuona kanthu, ndiye kuti ndikalemba zoona zokhazokha, ndipo palibe angandigwire. Ndinapalasa njinga m'mawa umenewo ndikupemphera pemphero lochititsa manyazi, loti apongozi anga akhale atabisa mwaluso.

Lachisanu

Anabisadi mwaluso. Nyumba yonse inali mbuu ndi laimu watsopano. Kuzungulira kunja anathira khonde la simenti, moti chitsulo changa chobayira pansi chinalibe pobaya. A Fayisoni anandilandira atavala jekete ngakhale kunali kotentha.

"Afika akatswiri! Mayi, awa ndi akamwini anga, koma musadandaule, ndi ouma mtima ngati chitsa cha mtsanya. Anakana nyumba ya abusa awa!"

Wogulayo anali mayi Nambewe, namwino wopuma ntchito, amene anakhala zaka zambiri ku Blantyre ndipo ankafuna kubwerera kufupi ndi kwawo. Anandipatsa moni ndi manja awiri nati a Bwanali awauza za ubale wathu, koma iwo alibe nazo vuto, poti munthu wa pabanja ndiye amaidziwa bwino nyumba. Mawu amenewo anandilasa ngati minga.

Ndinayamba ndi zipinda zinayi zakale. Ndinachedwa dala. Ndinakwera kudenga, mitanda inali yabwino, chiswe munalibe, malata osadontha. Makoma ankalira bwino pogogoda, njerwa zake ndinkazidziwa ndi manja angawa. Kenaka tinafika kumbuyo. Pansi anali atathira simenti yatsopano nkupaka polishi wofiira. Levulo inaonetsa kuti pali bwino. Ming'alu panalibe. Ndinayamba kupuma bwino. Koma potseka chitseko cha chipinda chomalizira, dzanja langa linapita lokha kumunsi kwake monga linazolowera, ndipo ndinamva thabwa losalala, lopalidwa chatsopano, mbali imodzi kwambiri kuposa inzake. Chitseko sachipala chopanda chifukwa. Chimapalidwa chikayamba kukhula pansi, ndipo chimakhula pansi felemu ikapendama. Ndinagwada nkugogoda simenti ndi kahamala. Pafupi ndi khomo inayankha kuti ngwi, ngwi. Chapakati inayamba kuyankha ngati ng'oma.

"Chipinda chino ndiye ndachikonda," anatero mayi Nambewe ali kumbuyo kwanga. "Chili kutali ndi phokoso la msewu. Muno mudzagona amayi anga. Sayenda, takhala tikuwanyamula chaka chachitatu tsopano. Bedi ndidzaliika apa, kuti aziona phiri pawindo."

Analoza pakona yeniyeni pamene nkhuti ija inali yakuya kwambiri, pamene ndinkaponda matope dothi likundifika m'khosi. M'maganizo ndinaona mvula ya Febuluwale, madzi akulowa pansi, zinyalala zovunda zikutitimira, khoma likutsamira mkati, ndi gogo woti sangathe ngakhale kudzigwetsa pabedi.

"Apongozi," ndinatero, "ndiloleni ndiboole pansi apa kabowo kakang'ono. Ndidzatseka ndekha ndi simenti yanga."

A Fayisoni anaseka, koma maso sanaseke. "Mwamva, mayi? Polishi wa dzulodzuloyu akufuna amuswe! Akamwini, nyumba yakulakwirani chiyani? Kapena kunyumba sanakupatseni phala?"

"Kabowo kamodzi kokha."

"Ayi." Anayandikira nkutsitsa mawu, nayankhula m'Chilomwe kuti mayiwo asamve bwino, kuiwala kuti nawonso ndi a konkuno. Anati tambala wobwereka salira pamudzi pa eni ake, ndipo ndikumbukire amene anandipatsa pogona ndili ndi thalauza limodzi.

Ana anga, magazi anandithamangira kumutu. Kahamala kanali m'dzanja, ndipo ndinkafuna kumenya pansi paja ndi mphamvu zanga zonse kuti simenti iphulike, fungo la dzala lituluke, aliyense aone. Ndinkafunanso kuwauza mawu ena okhudza thalauza lawo. Ndikanatero ndikanamva kukoma mphindi imodzi, koma nkhani ikanasanduka ya mkamwini wamwano amene waswa nyumba ya apongozi, ndipo mayi aja akanaganiza kuti ndi ndewu chabe ya pabanja. Ndinaika kahamala m'thumba. Ndinatuluka panja, ndinamwa madzi pa mjigo, ndinasamba kumaso. Ndinatulutsa pepala la lipoti ndi cholembera. Ndili pamenepo ndinazindikira kuti pothawira panga paja panali pabodza. Nkhutiyo sindinachite kumva kwa anthu. Ndinaiona, ndipo ndinaikumba ndine.

Nditabwerera ndinawerenga mokweza zimene ndinalemba, monga tinkachitira nthawi zonse pamaso pa wogula ndi wogulitsa. Ndinati zipinda zinayi zakutsogolo zili bwino ndipo zingakhale zaka zambiri. Ndinati zipinda ziwiri zakumbuyo zamangidwa pa dzenje loumbira njerwa lokwiriridwa ndi zinyalala, lakuya kufika m'khosi mwa munthu wamkulu, ndipo ndikudziwa chifukwa ndinalikumba ndine. Ndinati chitseko chapalidwa, pansi pakulira mphako, mwini wake wakana kuti tiboole, ndipo sindingalangize munthu kugonamo mpaka zitagwetsedwa kapena maziko ake atakumbidwanso kufika pa dothi lolimba. Sindinawonjezere liwu lililonse lonyoza. Zimenezo zokha ndimanyadira.

Mayi Nambewe anatembenukira kwa a Fayisoni nati, "Achimwene, mukanangondiuza. Mwina tikanagwirizana za zinayizo." Anatenga chikwama chawo nkupita kukadikira minibasi. A Fayisoni anavula jekete lija, nalipinda bwinobwino, nati, "Zikomo, akamwini. Mwagwira ntchito." Sanakweze mawu. Ndikanakonda akanandimenya.

Madzulo ake a Bwanali anaimba. Anakalipa kuti ndawatayitsa kasitomala, kenaka anapumira m'mwamba nati lipotilo alisunga momwe lilili, sasintha kanthu. Ntchito sinandithere. Koma si ntchito imene inkandidetsa nkhawa.

Milungu iwiri yotsatira

Pamudzi panazizira. Alamu anga ankandidutsa ngati chitsa. Akazi kumjigo ankati akaona amayi anu, nkhani nkuduka. Wina anawafunsa kuti, "Chigayo cha amuna anu chifika liti, tidzagayitse?" Amayi anu sankandiyankhula za nkhaniyo, ndipo kukhala chete kwawoko kunkandiopsa kuposa china chilichonse. Ankandiikira madzi osamba, ankandipatsa chakudya, koma maso awo sindinkawapeza. Ndinkapita kuntchito ndikudzifunsa ngati pobwera ndidzapeze katundu wanga ali panja.

Loweruka la kumapeto kwa milungu iwiriyo a Fayisoni anaitanitsa ankhoswe a mbali zonse ziwiri. Tinakhala pabwalo la apongozi anga aakazi, agogo anu. Kwathu kunabwera achimwene anga okha. A Fayisoni anayankhula mofatsa. Anati iwo sakudana ndi choona, koma munthu wodya nawo mbale imodzi akanabwera Lachitatu kapena Lachinayi nkuwauza pambali, osati kuwavula pamaso pa mlendo. Apa ndiye anandigwira, chifukwa zinali zoona. Masiku anayi aja ndinawathera pa mantha ndi kufunafuna pothawira, m'malo mopita kukagogoda pakhomo pawo. Ndiponso zaka zonse zija ndinaona zipindazo zikumangidwa osanena kanthu. Ndinavomera pamaso pa onse kuti pamenepo ndinalakwa, ndipo ndinapepesa.

"Mwapepesa, tamva," anatero a Fayisoni. "Ndiye Lolemba muimbe ku Limbe, munene kuti munasokoneza, dzenje lija linali chapatali. Wogula wina akapezeka, pepala likhale loyera. Mukatero, nkhani yathera pano."

Achimwene anga anandigwira bondo mwamphamvu. Onse anandiyang'ana. Ndinayang'ana kwa amayi anu, koma iwo anali ataweramitsa mutu, akusewera ndi ngodya ya chitenje.

"Apongozi," ndinatero, "zipindazo ndigwetsa ndine, ndimanganso ndine, Loweruka lililonse, osalandira kanthu. Njerwa ndiumba. Koma pepala lija sindisintha."

"Ndafunsa za njerwa ine?"

"Sindisintha."

A Fayisoni anamenya manja kamodzi. "Mwamva nonse. Ife tinkayesa tapeza mwana, koma tapeza inspekitala. Mbumba ino ndi yanga. Munda ubwerere, dimba libwerere. Bamboo atenge bulangeti lake azipita kumene kuli nyumba zosapendama. Esinati ndi ana ali kwawo, palibe awathamangitse."

Musandifunse ngati zipindazo zinagwa. Sizinagwe. Wina anadzagula nyumbayo popanda kampani, amasungiramo matumba a chimanga, ndipo khoma lakumbuyo analichirikiza ndi mitengo iwiri ya bulugamu. Dzinja lililonse ndimafunsa anthu ochokera kumeneko ngati likadali chiimire, ndipo sindidziwa yankho limene ndimafuna kumva.

Tsiku limenelo ndinadzuka pabwalo paja nkulunjika kunyumba. Amayi anu anali atanyamuka kale nkulowa m'nyumba mwathu. Ndinaima pakhomo ngati mlendo, osayerekeza kulowa. Mkati munkamveka kukoka zinthu. Ndinkadziwa kuti akundilongedzera, ndipo ndinkangoganiza za iwe Joyce, ndi iwe Madalitso amene unali usanayambe nkuyenda komwe, kuti ndizidzakuonani pa maliro pokha. Anatuluka ndi bulangeti lopindidwa nandiponyera pachifuwa. Ndinalimanga pakaliyala ya njinga. Nditatembenuka kuti nditsanzike, ndinaona atulutsanso dengu la mapoto, mphasa, ndi nkhuku ziwiri zomangidwa miyendo. Madalitso anali kale kumsana.

Agogo anu anathamangira pomwepo. "Esinati, wapenga? Ukusiya munda wa amayi ako chifukwa cha munthu wouma mutu ngati ameneyu? Mukadya chiyani?"

"Sindikudziwa, amayi," anayankha. Kenaka anandiyang'ana koyamba m'milungu iwiri, maso ali ofiira. "Inu, musaime ngati mwaona njoka. Musaganizenso kuti ndakukhululukirani, nkhani yosapita kwa amalume Lachinayi ija tikakambirana kutsogoloko. Kwezani mwanayu pa njinga. Ndipo nyumba ya lendi imene mukatipezere kubomako mukaigogode bwino, chifukwa ikadzandidonthera, ndidzabwerera kuno ndekha."

Ndinakukweza iwe Joyce pamwamba pa bulangeti, ndinagwira mahandulo, tinauyamba wapansi.